Kulowetsa Paipi ya Madzi M'nyumba ya Simenti Popanda Kuitana Chinyezi

Alimi ambiri a m'dera la Mfumu Ngokwe, m'boma la Machinga, akagulitsa mpunga, fodya, nandolo kapena mtedza, chinthu choyamba chimene amaganiza ndi nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, yopaka simenti pansi. Ena amathandizidwa ndi ana awo amene ali ku Joni. Nyumba ija ikatha, maganizo amatembenukira ku madzi, kuti mayi wa pakhomo aleke kusenza ndowa kuchokera ku mjigo. Zimenezi n'zabwino ndithu. Koma tisaiwale kuti masiku ano nkhokwe za panja zikuchepa kaamba koopa akuba, kotero kuti matumba a chimanga, mpunga ndi mtedza akugona m'nyumba momwemo, pa simenti yomweyo imene mmisiri akufuna kuswa kuti adutsitse paipi. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi ikagwiridwa mwachisawawa ikhoza kuononga zokolola za chaka chonse, ndiponso za zaka zotsatira.

Kale vutoli kunalibe. Pamene ntchito ya madzi a m'mipopi ya m'midzi inayamba ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968, anthu ankakumba okha ngalande mwachithandizano, Boma n'kupereka mapaipi ndi amisiri. Mpopi unkaima panja, pakati pa mudzi, pa kabwalo ka konkire kokhala ndi ngalande yake yotayira madzi. Momwemonso zinachitikira pa mapaipi a ku Kawinga kuno ku Machinga ndi a Mpira amene anafikitsa madzi ku Balaka. Madzi anali panja, mbewu zinali m'nkhokwe pa miyala, ndipo ziwirizi sizinkakumana. Lero mlimi wochita bwino amakumba chitsime chake, n'kuikapo pampu ya sola ndi thanki pamwamba, ndipo kuchokera pa thankipo paipi imalunjika m'nyumba. Choncho udindo umene kale unali wa amisiri a Boma tsopano uli m'manja mwa mlimi mwini ndi mmisiri amene wamulemba ganyu.

Nthaka ya kuno

Dera la Ngokwe lili m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, m'malire ndi dziko la Mozambique. Malo ambiri ndi achidikha ndiponso a madambo, n'chifukwa chake mpunga umachita bwino. Koma nthaka yokonda mpunga ndi nthaka yosunga madzi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale madzi a pansi amakwera, ndipo amene anakumbapo chimbudzi kufupi ndi dambo akudziwa kuti dzenje louma mu Okotobala limasanduka chitsime mvula ikakhazikika. Pa zaka za madzi osefukira, monga mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2023 pamene kunaomba namondwe wa Freddy, nthaka ya m'madera ambiri a Machinga ndi Balaka inakhuta madzi kwa masabata.

Chinanso ndi dothi la makande, limene limapezeka m'madambo kuno ndiponso m'malo ambiri ku Balaka. Dothi limeneli limang'aluka nthawi ya chilimwe, n'kufufuma mvula ikagwa. Likamatero limasuntha chilichonse chimene chakwiriridwamo. Nyumba imasuntha pang'ono, paipi nayo imasuntha pang'ono, koma sizisunthira pamodzi. Paipi imene yagwidwa zolimba ndi konkire ilibe kothawira, ndipo tsiku lina imathyoka kapena kumasuka polumikiza, pansi pa nyumba pamene diso silifika.

M'mene chinyezi chimalowera

Anthu ambiri amayesa kuti simenti ndi mwala wosalowa madzi. Si choncho ayi. Konkire ili ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'nthaka amakwera m'timabowomo monga m'mene palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Chimene chimaletsa madziwo ndi pepala la pulasitiki lochindikala limene mmisiri wodziwa ntchito amayala pa mchenga asanathire konkire. M'khoma namonso mumayalidwa kansalu kakuda ka pulasitiki kapena ka phula pamwamba pa maziko. Zinthu ziwirizi ndizo mlonda wa nyumba yanu. Tsono munthu akabwera ndi hamala ndi tchizulo n'kuboola simenti, amaboolanso pepala lija. Akakwirira ndi matope a simenti n'kusalaza bwino pamwamba, inu mumaona ngati ntchito yatha, chikhalirecho pansipo pasiyidwa khomo lotsegula.

Njira yachiwiri ndi kudontha kwa paipi yeniyeniyo. Tiyeni tiwerengere. Polumikiza pamene pakudontha kadontho kamodzi pa sekondi iliyonse pamataya malita oposa 4 pa tsiku. Pa mwezi ndi malita pafupifupi 130, kapena kuti ndowa za malita 20 zoposa zisanu ndi imodzi. Kodi ndani angalole kuti mwana azithira ndowa zisanu ndi imodzi za madzi m'chipinda cha chimanga mwezi ndi mwezi? Komatu izi n'zimene zimachitika pansi pa simenti, mwini nyumba osamva ngakhale phokoso.

Njira yachitatu ndi ngalande imene munakumba poika paipi. Dothi lokumbidwa n'kubwezeredwa limakhala lofewa kuposa nthaka yoyandikana nalo, ndipo madzi a mvula, makamaka otsika pa malata, amatsata mofewamo mpaka kufika pa maziko. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ngalande ya paipi ndi khwawa limene mwawakonzera nokha. Palinso thukuta la paipi: madzi ozizira ochokera pansi akamadutsa m'paipi ya chitsulo m'chipinda chofunda nthawi ya dzinja, paipiyo imachita thukuta ngati botolo la chakumwa chozizira, ndipo thumba lotsamira pamenepo limanyowa.

Zizindikiro zake si zovuta kuziona. Simenti imada malo amodzi osaumanso, m'munsi mwa khoma mumatuluka zoyera ngati mchere, penti imasupuka, ndipo m'chipinda mumamveka fungo la chuku. Nthawi zambiri chiswe nacho chimatulukira pomwepo.

Chimene mlimi amataya

Chimanga chimasungika bwino ngati chinyezi chake sichikupitirira magawo 13 pa 100 alionse, mpunga wosapuntha magawo 14, ndipo mtedza wosenda umafuna kuuma koposa pamenepo, pafupifupi magawo 7. Mlimi akhoza kuyanika bwino lomwe mpaka kufika pa muyeso umenewu, koma mbewu youma imayamwanso chinyezi ikaikidwa ponyowa. Thumba la pansi ndilo limayamba, kenaka lotsatira. Anankafumbwe nawonso amaswana msanga m'chimanga chonyowa. Pa msika, ogula sabwera kudzaona simenti yanu; amangoona mbewu yoola, ndipo amaibweza kapena kuigula pa mtengo wotsika. Alimi a fodya akudziwa bwino zimene zimachitikira belo la chuku likatsegulidwa ku okushoni ku Limbe: limabwezedwa kuti likasankhidwenso, ndipo ndalama za mayendedwe ndi masiku odikira zimagwera mlimi yemweyo.

Choopsa kwambiri si ndalama koma moyo. Chuku china cha m'mtedza ndi m'chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale mutaphika kapena kukazinga. Poizoni ameneyu amaononga chiwindi, amayambitsa khansa ya m'chiwindi, ndipo ana odya chakudya chotere kawirikawiri amapinimbira. M'chaka cha 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Ndi poizoni yemweyunso amene anathandiza kutsekereza mtedza wa dziko lino ku misika ya ku Ulaya. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbewu zimene ogula akana ndizo zimabwerera kunyumba n'kukhala phala la ana.

Yambani mwadzifunsa

Musanaitane mmisiri, dzifunseni ngati n'kofunikadi kuswa simenti. Malangizo athu ndi awa: m'chipinda chosungiramo mbewu, m'shedi yosankhiramo fodya, ndi mosungira feteleza, paipi ya madzi isalowemo konse, ngakhale kungodutsa popita ku chipinda china. Izungulire panja. Mamita khumi oonjezera a paipi ndi otsika mtengo kuposa thumba limodzi la mtedza.

Ngati nyumba inamangidwa kale, ndipo khitchini kapena bafa lili m'mbali mwa khoma la kunja, njira yabwino koposa ndi kusiya simenti ya pansi osaikhudza. Paipi ibwere m'ngalande mpaka pafupi ndi khoma, ikwere chakunja, n'kulowa m'nyumba kudzera m'khoma pamwamba pa kansalu koletsa chinyezi kaja. Bowo la m'khoma lipendekere kunja pang'ono kuti madzi a mvula asatsetserekere m'kati, ndipo m'bowomo muyambe mwalowa kachidutswa ka paipi yaikulupo. Mbali yokwera panjayo ikhale ya chitsulo, yomangiriridwa ku khoma, pakuti paipi yoyera ya pulasitiki imafooka ndi dzuwa, ndipo mbuzi ndi ana sachedwa kuithyola. Ena amakana njira imeneyi ati paipi yoonekera imanyansitsa nyumba. Ife tikuti paipi yoonekera ikadontha mumaiona tsiku lomwelo.

Komabe pali nthawi imene palibe kuchitira mwina, monga pamene mpopi ukufunika pakati pa nyumba, kapena pamene mukumanga nyumba yatsopano ndipo muli ndi mpata wokonzeratu zonse. Apo tsatani bwino zimene zili m'munsimu.

Paipi m'kati mwa paipi inzake

Chinsinsi cha ntchito yonseyi ndi ichi: paipi yonyamula madzi isakhudzane ndi konkire. Imene imagwidwa ndi konkire ndi paipi ina yaikulu, yopanda madzi, imene tiitche chikwama. Paipi ya madzi imadutsa m'chikwamamo momasuka. Nthaka ikasuntha, paipi ili ndi malo osunthira. Ikadzatha kapena kuboola, mumangoisolola n'kulowetsa ina, simenti osaswanso.

Pa madzi a m'nyumba, gulani paipi yakuda ya pulasitiki imene imagulitsidwa yokulunga, ya mamilimita 20 kapena 25, yolembedwa kuti ndi ya madzi akumwa ndiponso yopirira mphamvu ya madzi. Pali ina yakuda yopyapyala ya mthirira yotsika mtengo. Imeneyo ndi ya kudimba, osati pansi pa nyumba. Ubwino wa paipi yokulungayi ndi wakuti mumadula utali umene mukufuna, choncho kuyambira panja mpaka kutulukira m'nyumba imakhala imodzi, yopanda polumikiza. Mfundo imeneyi musagonjerepo ngakhale mmisiri atanena zotani. Pansi pa simenti pasakhale polumikiza ngakhale pamodzi. Ngati paipi yaperewera, kaguleni ina yokwanira, yotsalayo idzagwira ntchito kwina.

Paipi ya chitsulo si yoyenera kukwirira pansi pa nyumba. Imachita dzimbiri m'nthaka yonyowa, makamaka pa mazinga polumikiza, ndipo singakhote popanda chigongono, kutanthauza kuti polumikiza sipangalephere.

Chikwama chikhale paipi ya pulasitiki yolimba, monga ija ya madzi otayika. Ngati njira yake ndi yowongoka, ya mainchi awiri ikwanira. Ngati iyenera kukhota kuti ikwere m'nyumba, gwiritsani ntchito ya mainchi anayi ndi chigongono chokhota pang'onopang'ono, kapena zigongono ziwiri zokhota theka, zomatidwa bwino ndi guluu wake. Pa chigongono chokhota mwadzidzidzi paipi ya m'kati imapindika n'kutsamwa. Pali chizolowezi choipa chimene chafala pakati pa amisiri ena, chootcha paipi pa moto wa mapesi kuti ikhote kapena kuti ilowane ndi inzake. Pootchedwapo pamapyapyala ndi kuuma, ndipo ndi pomwepo pamene pamadzang'aluka. Mukaona mmisiri akusonkha moto pafupi ndi mapaipi anu, muletseni.

Ngalande ya panja ikhale yakuya masentimita 60, kapena kuti mapazi awiri, kuti khasu lisafike. Pansi pake yalani mchenga, ndipo pamwamba pa paipi thiraninso mchenga musanabwezere dothi, kuti miyala isaikande. Polowa m'nyumba pewani pa ngodya, pakuti ndi pamene pali mphamvu ya nyumba. Chikwama chidutse m'njerwa za maziko, m'munsi mwa kansalu ka m'khoma, ndipo chipendekere kunja pang'ono. Panja, pa mtunda wa mita imodzi kuchokera ku khoma, mangani kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivundikiro. M'menemo ndi mothera chikwama, ndipo ndi moikamo chotsekera madzi. Tsiku la ngozi mudzathokoza kabokosi kameneka, chifukwa mudzatseka madzi a nyumba yokha, osathamangira kukwera pa thanki usiku.

Pokwirira ngalande, bwezerani dothi pang'onopang'ono, mukusinja ndi mtengo gawo lililonse. Pafupi ndi khoma, pa mtunda wa theka la mita, musaikepo mchenga. Tsinyirani dothi la pachulu lonyowetsa mozungulira chikwama kuti litseke njira ya madzi a mvula. Pamwamba pake paunjikike pang'ono, ndipo khonde lipendekere kunja.

Nyumba yomangidwa kumene

Kwa amene akumanga tsopano, ntchitoyi ndi yosavuta. Ikani chikwama pamalo pake musanathire miyala ndi mchenga wa pansi, ngakhale ndalama za pampu ndi thanki zisanapezeke. Tsekani kukamwa kwake konse kuwiri kuti musalowe dothi, ndipo chidzadikira mpaka chaka chimene mudzakolole bwino. Kukamwa kwa m'nyumba kutalike masentimita 5 pamwamba pa simenti yomaliza, kuti madzi okolopera asatsikiremo.

Pepala la pulasitiki likhale lochindikala, lija la mamaikiloni 250 limene amagulitsa m'masitolo a zomangira. Mapepala opyapyala ofolera nyumba za udzu ndi matumba a feteleza sagwira ntchito imeneyi. Pokumana mapepala awiri, lina likwere pa linzake masentimita 15 kapena kuposa, ndipo mumate ndi tepi yolimba. Pofika pa chikwama, musang'ambe bowo lalikulu. Chekani kamtanda kakang'ono kuti pepala lilowe mothina, ndipo timakutu timene tatsala tiimirire m'mbali mwa paipi. Kenaka dulani chigamba china cha pepala lomwelo, chachikulu ngati thireyi, chibooleni pakati kabowo kocheperapo kuposa chikwama, chivekeni mokakamiza, n'kumata ndi tepi kuzungulira paipi ndiponso m'mbali monse mwa chigambacho. Pakani phula la m'chitini pamwamba pa tepi. Ntchito imeneyi sitenga ngakhale ola limodzi, koma ndi imene amisiri othamangira malipiro amailumpha. Imani pomwepo muone ndi maso anu konkire isanathiridwe.

Kuswa simenti yakale

Apa ndi pamene pamafunika kudekha kwambiri. Yambani mwatulutsa matumba onse m'chipindamo ndi m'zipinda zoyandikana. Lembani njira ya paipi ndi choko, yaifupi ndithu, yotakata masentimita 40. Ngati pali makina ochekera simenti, mmisiri acheke m'mizeremo kuti mng'alu usafalikire nyumba yonse, atavala zoteteza maso ndi mphuno pakuti fumbi la simenti limaononga mapapo. Ngati palibe, agobe ndi tchizulo pang'onopang'ono kuyambira pakati. Hamala yaikulu yophwanyira miyala isalowe m'nyumba.

Akayandikira pansi, asiye zitsulo n'kuchotsa zidutswa ndi manja. Cholinga n'chakuti pepala lakale lioneke lili lamoyo. Lichekeni pakati potsata ngalande, n'kulipinda mbali iyi ndi iyo, kuti kumbali zonse kutsale mlomo wa masentimita 15 wodzalumikizirapo latsopano. Mukaika chikwama ndi kubwezera mchenga wosinjidwa bwino, bwezerani milomo ija, pukutani fumbi, yalani pepala latsopano pamwamba pake, ndipo mumate ndi tepi ndi phula monga tafotokozera kale.

Nyumba zambiri za m'midzi zinathiridwa simenti popanda pepala konse. Mukapeza kuti yanu ndi yotero, yalanibe pepala m'ngalandemo, milomo yake ikwere m'mbali mwa konkire yakale. Dziwani kuti simenti yonse ya nyumba yotere imapuma chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo thumba lisadzakhudze pansi ngakhale tsiku limodzi.

Ngati pomanga nyumba anathira mankhwala a chiswe, kukumba kwanu kwasokoneza chitetezo chimenecho, ndipo thiraninso m'ngalandemo pepala lisanayalidwe. Gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti analembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board. Mankhwala akale monga dieldrin ndi aldrin, amene achikulire amawakumbukira, analetsedwa pa pangano la maiko la ku Stockholm la m'chaka cha 2001, ndipo wina akakutsatsani m'botolo lopanda dzina, kanani. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Musathire konkire musanayese madzi. Lowetsani paipi, lumikizani zonse, dzazani thanki, tsekani mipopi, ndipo lembani pamene madzi alekezera m'thanki. Amene ali ndi mita awerenge manambala ake. Siyani usiku wonse. M'mawa madzi akapezeka atatsika, pali podontha, ndipo pafunafuneni ngalande ikadali yotsegula. Kulungani pepala louma la nyuzi pa malo alionse olumikiza a panja, likanyowa lakuuzani.

Konkire yobwezera ikhale ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa mumtsinje wopanda matope, ndi zinayi za miyala yophwanya, kuchindikala kwake kofanana ndi yakale. Madzi asachuluke. Konkire yamadzimadzi imasalala msanga ndipo amisiri amaikonda, koma ikauma imakhala ndi timabowo tambiri ndiponso imanyala n'kusiya mng'alu m'mbali. Nyowetsani milomo ya konkire yakale ndi kuipaka phala la simenti musanathire yatsopano. Pamwamba posalaza, sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi zitatu za mchenga.

Chotsala ndi mpata wa pakati pa chikwama ndi paipi ya madzi. Mpata umenewu ukasiyidwa, ndi msewu wa makoswe, mphemvu, chiswe ndi mpweya wonyowa wa m'nthaka. Musatsekemo ndi simenti, pakuti mukatero mwaigwiranso paipi ija. Musatsekenso ndi nsanza kapena chiguduli, pakuti zimayamwa madzi. Kanikizirani waya wa sefa wopindapinda m'katimo pang'ono, ndipo pamwamba pake mudzaze ndi silikoni kapena phula lofewa. Chitani chimodzimodzi ku mbali ya m'kabokosi panja.

Kuuma kwa simenti

Konkire yatsopano imafuna kukhala yonyowa masiku asanu ndi awiri kuti ilimbe. Ifunditseni ndi pulasitiki kapena ziguduli zonyowa. Imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Koma kulimba ndi kuuma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amisiri amawerengera kuti konkire imauma pafupifupi inchi imodzi pa mwezi, ngakhale kuti kutentha kwa kuno mu Okotobala kumafulumizitsako. Pamwamba pakhoza kuoneka poyera m'kati muli madzi. Kuti mudziwe, dulani pulasitiki yoonekera m'kati, theka la mita mbali zonse, imateni pa simenti ndi tepi m'mbali monse, ndipo muisiye tsiku lathunthu ndi usiku. Mukaona timadontho kunsi kwake, kapena simenti itada, sipanaume. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerezani kuyesa kumeneku mu Febuluwale, pamene madzi a pansi akwera, pakuti ndi pamene ntchito ya mmisiri imaonekera. Ndi bwino kupangana naye kuyambira pachiyambi kuti gawo lina la malipiro adzalandira mvula ikatha.

Ngakhale simenti itauma bwino, matumba asanjikidwe pa thandala la mitengo lokwera masentimita 15, ndipo atalikirane ndi khoma kuti munthu athe kudutsa kumbuyo kwake poyendera.

Madzi otuluka

Madzi onse olowa m'nyumba ayenera kutulukanso, ndipo nyumba zambiri zimanyowa chifukwa cha paipi yotulutsa osati yolowetsa. Madzi a m'bafa ndi a m'khitchini amangotayikira kuseri kwa khoma, n'kumalowerera pa maziko tsiku ndi tsiku. Paipi yotulutsa ikhale yotsetsereka, kutsika sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse, ndipo ikathere m'dzenje la miyala lotalikira mamita asanu kuchokera ku nyumba ndiponso mamita 30 kuchokera ku chitsime. M'malo a makande dzenje lotere limadzaza msanga. Kumeneko ndi bwino kulunjikitsa madziwo ku phando la nthochi kutali ndi nyumba. M'bafa, pozungulira pamene paipi yatulukira pa simenti, pamangidwe kamulu kakang'ono kuti madzi asaime pamenepo.

Okhala pa esiteti ndi olumikiza ku mapaipi a gulu

Lamulo la za ntchito limene linakonzedwanso m'chaka cha 2021 linathetsa utenanti m'dziko muno. Komabe aliyense amene akukhala m'nyumba ya esiteti, kapena kusunga fodya m'shedi ya esiteti, akumbukire kuti nyumbayo ili ndi mwini wake. Musaswe simenti kapena kuboola khoma popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chilembedwe pa pepala, chonena amene alipire zipangizo ndi amene adzakonze pakadzaonongeka. Mukaona kuti simenti ya m'shedi ikuda kapena kutuluka mchere pafupi ndi paipi, kauzeni kapitao kapena manijala msanga pamaso pa mboni, fodya asanalowemo, kuti mlandu wa mabelo a chuku usadzagwere inu. Eni maesiteti nawo tikuwapempha kuti mipopi ya pa shedi, imene imafunika pofewetsa fodya, aziimika panja pa kabwalo kake ka konkire.

Amene akufuna kulumikiza ku mapaipi a m'midzi ayambe apempha ku komiti yoyang'anira madziwo, ndipo a m'matauni a Liwonde ndi Balaka apite ku ofesi ya Southern Region Water Board. Kulumikiza kwa usiku, kuphatikiza pa kukhala mlandu, kumachitika mothamanga ndipo n'kumene kumadontha kwambiri.

Nthawi yabwino yogwira ntchito yonseyi ndi kuyambira Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Apo nthaka yauma, ngalande sigumuka, mbewu zogulitsa zambiri zapita ku msika, ndipo patsala miyezi iwiri kapena itatu kuti konkire iume mvula yoyamba isanagwe. Chimanga cha chakudya chimene chatsala musamutsire m'chipinda china chouma kapena kwa mbale wanu mpaka pulasitiki yoyesera ija itatuluka youma.